Netiweki ndi intaneti ya m'nyumba mu Harare: mayankho pa zomwe mwakhala mukufunsa

Masiku ano mzere pa ofesi yathu ukumafika mpaka pakhonde, mafunso ake omwewomwewo. Tinene kaye kuti ife timangolumikiza mawaya ndi ma router. Nsanja za netiweki si zathu.

Makampani a foni ndi ati?

Econet, NetOne ndi Telecel. Onse amawayang'anira ndi POTRAZ, bungwe la boma la Zimbabwe loona za mafoni ndi intaneti.

Mizere ya netiweki ndi yodzaza koma WhatsApp sakutseguka. Munandigulitsa router yakufa?

Ayi. Mizereyo imangosonyeza mphamvu ya siginolo, osati kuchuluka kwa anthu amene akulimbirana nsanjayo. Ku Mbare, Highfield kapena Mufakose, madzulo aliyense akabwera kuntchito, nsanja imodzi imasenza mudzi wonse. Magetsi a ZESA, kampani ya boma ya magetsi, akazima nthawi yaitali, mabatire a nsanja zina amatha, mafoni nkukhamukira ku yotsalayo. Yesani 5 koloko m'mawa. Ikathamanga, router ilibe mlandu. Muichotsenso kuseri kwa TV, muiike pamwamba pafupi ndi zenera.

Wifi yanga yalemba 5G. Ndiye kuti ndili pa 5G?

Kawirikawiri imeneyo ndi 5GHz, mtundu wa siginolo ya wifi ya m'nyumba, chinthu china. 5G ya foni, yomwe Econet inayamba mu 2022, sipezeka paliponse.

Aneba ali ndi fibre (intaneti ya waya woyenda kuwala), ine mwandikana. Chifukwa?

Sitikana munthu, timayeza kaye. Kabokosi kapamtengo kamene kamagawa mawaya a fibre kamakhala ndi malo owerengeka, ndipo akadzaza timadikira eni netiweki awonjezere. Ngati mukuchita lendi, bwerani ndi chilolezo cha eni nyumba, poti timaboola khoma, mwinanso kukumba kangalande pabwalo.

Intaneti inafa masiku anayi. Mundibwezera ndalama?

Apa ndi pomwe timakangana kwambiri, ndipo yankho lake silisangalatsa. Phukusi la masiku 30 limawerenga kalendala, kaya mwaligwiritsa ntchito kaya ayi. Kuwonjezeredwa masiku nkotheka, koma osati nthawi zonse, ndipo ife sitingalonjeze m'malo mwa eni netiweki. Zimatengera komwe kuli vuto. Kabokosi ka fibre kakayaka getsi lofiira pamene palembedwa LOS, ndiye kuti kuwala sikukufika, mwina waya waduka kunja, monga zimachitikira anthu akamakumba mapaipi. Pamenepo pempho lanu lingamveke. Koma ngati magetsi anazima kwanu, kapena waya anadyedwa ndi khoswe m'denga, musayembekezere kanthu. Kabatire ka 12V kolumikiza ku router kangakupulumutseni ku zamagetsizo.

Tikuvomereza kuti madandaulo ena tawachedwetsa, makamaka ongonenedwa pakamwa. Nenani tsiku lomwelo, jambulani getsi lofiiralo, ndipo musachoke osalandira nambala ya dandaulo, chifukwa masiku timawerengera pamenepo. Mukapereka ZiG (ndalama ya Zimbabwe) kapena madola, sungani lisiti kapena uthenga wa EcoCash ngati mwalipira pafoni. Kampani ikalephera kukuthandizani mutha kukadandaula ku POTRAZ, mutatenga nambala ya dandaulo ija.

Kodi antchito anu amabwera ndi chiphaso?

Inde, chifunseni asanalowe pageti.

Achimwene anditumizira Starlink (chipangizo cha intaneti ya setilaiti) kuchokera ku Lilongwe. Mungandiikire?

Kuikweza padenga tingathe, bola pasakhale mtengo wotchinga kumwamba. Vuto ndi akaunti, yomwe imalembetsedwa ku dziko lomwe chipangizocho chinagulidwa. Starlink inatsegulidwa muno mu September 2024, ndipo malo a Harare anadzaza posakhalitsa. Musanalipire basi yobweretsa katunduyo, lembani adiresi yanu pa tsamba lawo muone ngati dera lanu likulandira anthu atsopano.