Mwana Akati "Ndine Wonyansa", Makolo Musaseke

Mafuta oyeretsa khungu ndi mankhwala akuti amakulitsa mbina afika ponseponse, m'misika ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo ena mwa amene akuwagula ndi ana asukulu. Gwero lake n'lodziwika. Mwana amaona pa TikTok ndi pa Facebook nkhope zoyeretsedwa ndi filita yokongoletsera zithunzi pafoni, n'kuyamba kudziyerekeza nazo. Kusukulu anzake akamunena kuti ndi wakuda ngati kunsi kwa mphika, basi mtima wasweka.

Chotidetsa nkhawa ife azaumoyo ndi mawu aja akuti "n'chibwana, adzasiya akakula." Ayi, makolo, vuto limeneli si lodikira nalo.

Mwana wa zaka 11 kapena 12 sadziwa kunena kuti "ndikuchita manyazi ndi thupi langa." Amangoti m'mimba mukupweteka tsiku lililonse la sukulu. Amakana kujambulitsa, amataya nthawi pagalasi, nsima amadyera kumbali kapena kuisiya, mukamufunsa kanthu amakalipa. Enanu mumati wayamba mwano, chonsecho mwanayo ali ndi chisoni. Khalani naye pansi muli awiri, mufunse kuti, "Mwanangu, chikukusautsa n'chiyani?" Akayamba kulankhula musamudule mawu, ndipo musamuyankhe ndi nthabwala.

Mukamadikira kuti akule, iye wagula kale botolo. Ena mwa mafutawa ali ndi mercury, amene amawononga impso ndi ubongo. Ena ali ndi hydroquinone, amene akadzoledwa nthawi yaitali amasiya mawanga akuda ovuta kuchoka. Ena ali ndi clobetasol, mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu mpaka kuchita mizeremizere ndi zilonda zochedwa kupola. Nawo mankhwala onenepetsa monga Apetamin ali ndi cyproheptadine, amagonetsa ndipo angathe kuvulaza chiwindi. Zimenezi zimayamba mwakachetechete. Pamene mudzaone nkhope itasupuka, mwachedwa kale.

Tikubwerezanso, musati "tione kaye." Mukapeza botolo m'chikwama chake musamumenye, adzangobisa kwina. Musalitayenso. Litengeni, mupite nalo kuchipatala pamodzi ndi mwanayo sabata yomweyo, chifukwa mafuta ena akasiyidwa mwadzidzidzi khungu limabuka, ndiye adokotala akuuzeni kasiyidwe kake. Ngati wasiya kudya, kapena wanena kuti bola kufa, pitani lero lomwe. Pa nambala yothandiza ana ya 116 mumaimba ulere.