Vanishi Akakana pa Tebulo la Oak

Anthu amene amabwera ku shopu yanga ndi tebulo la oak lopala okha kunyumba amayamba ndi kudandaula kuti anawagulitsa vanishi wabodza. Ndikaliyang'ana tebulolo, kawirikawiri ndimapeza kuti chitini chilibe mlandu. Oak si mtengo wa kuno, matabwa ake amachokera ku North America ndi ku Ulaya, ndipo amene anazolowera mukwa wogula ku msika wa Buseko muno mu Lusaka, womwe anzathu a ku Malawi amautcha mlombwa, akaugwira mtengowu mofananamo amakhumudwa ndi zinthu ziwiri: tannin, mankhwala achilengedwe amene ali m'kati mwake, ndi timabowo tambirimbiri ta pathabwa.

Madontho akuda ooneka pansi pa vanishi amabwera tannin akakumana ndi chitsulo pamalo a chinyezi. Kudetsa kwake n'kwamphamvu moti kale ku Ulaya ankapanga inki yolembera posakaniza chitsulo ndi tizotupa tomera pa mtengo womwewu. Wolakwa wamkulu ndi steel wool, uja wotsukira mapoto, chifukwa tizidutswa take timatsalira m'timabowo, ndipo vanishi wosungunulira ndi madzi akapakidwa pamwamba, timachita dzimbiri. Chikilampu chosiyidwa pa guluu wauwisi chimadetsanso. Ku Kalingalinga, kumene akalipentala ndi owotcherera zitsulo amagwirira ntchito moyandikana, fumbi la pa grinder likhoza kugwera pathabwa munthu osazindikira. Kupaka vanishi wina pamwamba sikubisa kanthu. Muyenera kupala vanishi yense, kusungunula oxalic acid, mankhwala oyeretsa matabwa, m'madzi ofunda, n'kupaka patebulo ponse, chifukwa mukapaka pa dontho pokha pamatsala chigamba choyera. Pakauma, tsukani ndi madzi oyera kangapo, ndipo muvale magolovesi ndi chophimba kumphuno musanayambenso kukwecha ndi sandipepa.

Thovu ndi timabowo tonga tobooledwa ndi singano zimachokera ku mpweya umene uli m'thabwa. Red oak ndiye amavuta kwambiri, popeza misempha yake ndi yotseguka moti mukaviika kachidutswa kakafupi m'madzi n'kupuzira mbali inayo, thovu limatuluka. White oak ali ndi misempha yotsekeka, choncho savuta chotero. Munthu akapaka m'mawa kukuzizira, kenaka n'kutulutsira tebulo padzuwa kuti liume msanga, mpweyawo umafufuma ndi kuboola vanishi amene wayamba kale kugwira. Ine ndimapaka chakumadzulo pamthunzi, pamene kutentha kukutsika ndipo thabwa likukokera vanishi m'kati. Koti yoyamba ikhale yosungunulako. Ngati thovu lauma kale, kwechani ndi sandipepa wa 320 mpaka pasalale, pukutani fumbi, n'kupakanso mopyapyala. Wofuna pamwamba posalala ngati galasi ayenera kuyamba watseka timabowoto ndi grain filler, ngakhale kuti kwa ine oak amakongola misempha yake ikamamveka pang'ono m'dzanja.

Nyengo ya Lusaka ilinso ndi mbali yake. Lacquer, vanishi wouma msanga, wopopera mu Januwale mvula ili pakati amachita mbuu ngati mtambo, chifukwa thinala akamauluka amaziziritsa pamwamba ndipo chinyezi chimatsekeredwa m'kati. Dikirani tsiku louma, mupoperenso pang'ono mutathiramo retarder, mankhwala ochedwetsa kuuma, kuyerako kumachoka. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, vanishi wa mafuta wopakidwa mochindikala amamata masiku angapo, ndipo mankhwala ake ndi kuliika tebulolo m'chipinda chofunda cholowa mpweya, osawonjezera koti ina. Fumbi la mphepo ya mu Ogasiti limachepa mukawaza madzi pansi ndi kutseka mawindo musanatsegule chitini.

Vanishi akamathawa malo ena n'kusiya timaenje tozungulira, ndiye kuti thabwa linakhudzana ndi silicone wa mu polishi wopopera mipando, mwina kudzera pa kansalu kopukutira. Pamenepa palani, tsukani ndi white spirit posinthasintha nsalu, kenaka pakani shellac, vanishi wosungunulira ndi spirit, wopanda phula kuti atseke zotsalira.

Pomaliza ndimatembenuza tebulo kuti ndione kunsi. Ambiri amapaka makoti atatu pamwamba, kunsi n'kusiya thabwa losapaka, ndiye mvula ikayamba mu Novembala mbali imodzi imamwa chinyezi msanga kuposa inzake, thabwa limapindika, ndipo nthawi zina vanishi amang'aluka m'malumikiziro. Kunsi ndi m'mphepete mupake makoti ofanana ndi apamwamba, ndipo nsalu zonyowa ndi linseed oil muziyanike panja zitatambasulidwa, chifukwa zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha mpaka kuyaka moto.