Mabuku amene ana athu ankawerenga kuno ku Harare ali kuti?

Pa mabuku onse amene ife ogwira ntchito m'malaibulale timasakasaka, ovuta kuwapeza kuposa ena onse ndi a ana. Buku la malamulo limatha kukhala pa shelefu zaka 60 popanda wolitsegula, ndiye limapulumuka. La ana limagwidwa ndi manja a phala, limayenda m'jumbo pamodzi ndi mbatata yootcha, mkulu akathana nalo amapatsira mng'ono wake, mng'onoyo n'kupatsiranso msuweni. Chikuto chikathothoka, masamba amakulungira mtedza kapena kuyatsira mbaula. Osindikiza nawonso sankaliwerengera moyo wautali: pepala lake linali lotchipa longa la nyuzipepala, lolumikiza ndi timawaya tiwiri pakati. N'chifukwa chake kabuku kamene kanali m'manja mwa mwana aliyense m'kalasi ndi kamene lero sikapezeka, pamene buku limene ana ankalithawa likadali latsopano.

Kwa ife olankhula Chichewa kuno ku Zimbabwe, vutoli lili ndi mbali ina. Makolo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland, ena kum'mawa kwa Northern Rhodesia (Zambia ya lero) ndi ku Tete, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Ena anabwera pa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito za kuno, ena wapansi. Ambiri anatchona, ndipo ana awo anakulira ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose, ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa ndi m'makomboni a migodi ngati Shamva ndi Arcturus. Kusukulu anawa ankaphunzira Chishona ndi Chingerezi. Chinyanja cholembedwa ankakumana nacho kutchalitchi, m'buku la nyimbo ndi m'katekisimu, kapena m'kabuku kamene amalume anabwera nako m'sutikesi pochokera kumudzi. Mipingo ngati CCAP Sinodi ya Harare, imene mizu yake ili ku Nkhoma, inali njira yaikulu imene zolembedwa za Chinyanja zinkalowera m'dziko muno.

Tsono maiko ambiri ali ndi lamulo loti wosindikiza buku azipereka kope kumalo osungira mbiri ya dziko. Kuno kope limapita ku National Archives of Zimbabwe, pa Borrowdale Road, ndipo ku Malawi limapita ku National Archives ku Zomba. Lamuloli limagwira buku pamene labadwira. Kabuku kosindikizidwa ku Nkhoma kalembedwa m'kaundula wa ku Zomba, ngati anakapereka. Koma kaundulayo sanena kuti kabukuko kanawoloka Zambezi, kanafika ku Mufakose, ndipo mtsikana wina anaphunzirirapo kuwerenga chilankhulo cha amayi ake. Nkhani imeneyo ilibe ofesi yoisunga. Ili m'makatoni a m'nyumba zathu ndi m'mitu ya anthu amene tsopano ali ndi zaka 70 kapena 80.

Wofufuza amayamba wadziwa amene ankasindikiza. Ku Nyasaland mabuku oyamba a ana anatuluka m'makina a mishoni: Livingstonia, Blantyre, Nkhoma, Malamulo, ndi Likuni kwa Akatolika. Cholinga chinali choti mwana adziwe zilembo kuti akawerenge Baibulo, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Nthano za Kalulu ndi Fisi zinalowa m'mabukuwa ngati nyambo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 maboma a atsamunda anakhazikitsa bungwe limodzi losindikiza mabuku a Northern Rhodesia ndi Nyasaland, likulu lake ku Lusaka, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Southern Rhodesia inakhazikitsa lake, Literature Bureau, lolimbikitsa mabuku a Chishona ndi Chindebele. Mabungwewa anathandiza olemba akuda ambiri kutulutsa mabuku, komanso anali sefa. Nkhani zandale sizinkadutsa. Choncho mukamawerenga buku la ana la nthawi imeneyo, muziyang'ananso chimene mulibe: mwana wa m'bukumo amakhala kumudzi, amaweta mbuzi, amamvera aphunzitsi, koma simupeza mwana wa m'komboni amene bambo ake akutsokomola fumbi la mumgodi. Ku Malawi nako sefa sinachoke ndi ufulu, poti bungwe lounika mabuku ndi mafilimu linakhazikitsidwa mu 1968.

Pali chinthu chimodzi chimene chimatikomera ife a ku Harare. Malo osungira mbiri a kuno anayamba mu 1935, ndipo m'zaka za m'ma 1940 anakula n'kukhala Central African Archives, osamalira maiko onse atatu. A ku Zomba anayamba mu 1947 ngati nthambi yake. Pa nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, Salisbury, Harare wa lero, ndiye linali likulu. Wofuna zosindikizidwa za zaka zimenezo asathamangire kukwera basi ya ku Blantyre asanafunse pa Borrowdale Road.

Ntchito imene imadya nthawi, komanso imene ine ndimaikonda, ndi yopeza zaka za buku limene lilibe deti. Mabuku a ana ambiri akale sankalemba chaka, ndipo amene analemba, tsamba lakelo ndi limene limayamba kuthothoka. Apa timachita ngati agogo odziwa msinkhu wa mbuzi poyang'ana mano. Choyamba ndi mtengo. Ngati pachikuto palembedwa 1/6, kutanthauza sheleni imodzi ndi makobiri 6, bukulo ndi la nthawi ya mapaundi. Rhodesia inayamba dola mu 1970, Malawi inayamba kwacha ndi tambala mu 1971, pamene Zambia inali itayamba kale kwacha ndi ngwee mu 1968. Kachilembo kamodzi pambali pa nambala, t kapena n, kamakuuzani dziko limene bukulo linkagulitsidwa. Chachiwiri ndi mayina a malo. Nyasaland inatha mu 1964. Salisbury inakhala Harare mu 1982, chaka chomwecho Gwelo inakhala Gweru, ndiye buku la Mambo Press lolembedwa Gwelo ndi la chisanafike chaka chimenecho. Chachitatu ndi ISBN, nambala yozindikiritsa buku padziko lonse, imene inayamba kufala cha m'ma 1970. Ya manambala 13 ndi ya kuyambira 2007.

Kenako pali kalembedwe. Mabuku akale amalemba Cinyanja, cimanga, nchito, mau. Mu 1968 boma la Malawi linasintha dzina la chilankhulo kukhala Chichewa n'kuchiika kukhala cha fuko lonse, mu 1972 linakhazikitsa Chichewa Board, ndipo malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990. Buku la ku Malawi lolemba chimanga ndi ntchito limakuuzani lokha mbali imene lili. Koma apa m'pofunika kusamala, chifukwa ku Zambia mpaka lero amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch. Kabuku kolemba cimanga kangathe kukhala ka ku Nkhoma ka 1950 kapena ka ku Lusaka ka 1995, ndipo chimene chimalekanitsa ndi mtengo uja ndi dzina la wosindikiza. Msampha wina ndi wakuti osindikiza ankabwereza buku zaka zambiri osasintha mawu a m'kati, kungosintha chikuto ndi mtengo. Ndiye buku limodzi limatha kukhala ndi misinkhu iwiri, wa mawu ndi wa pepala, ndipo wolemba kaundula wabwino amalemba yonse iwiri.

Anthu akamatibweretsera mabuku akale, kawirikawiri amapepesa kuti, "Pepanitu, ana analembamo." Musapepese. Kwa wofufuza mbiri ya kuwerenga, kope lolembedwalembedwa limaposa loyera. Chidindo cha sukulu ya pafamu chimasonyeza kumene buku linafika. Mayina atatu olembedwa motsatizana mkati mwa chikuto, awiri atafufutidwa, amasonyeza mibadwo ya owerenga. Mwana akalemba ndi pensulo mawu a Chishona pamwamba pa mawu a Chinyanja amene sanawamve, watisiyira umboni wa nthawi imene chilankhulo chinayamba kuterereka m'banjamo, umboni umene simungaupeze m'lipoti lililonse la boma. Masamba akuda kwambiri ndi amene ankakondedwa. Oyera kumapeto amakuuzani pamene ana ankalekezera.

Mabuku otchuka alibe vuto lalikulu. Buku la nthano za ana la Charles Mungoshi limene linapata mphotho ya Noma, ya mabuku osindikizidwa mu Africa, mu 1992 lili m'makaundula a malaibulale a maiko ambiri, ndipo silingasowe. Amene ali pangozi ndi mabuku wamba: oyambira kuwerenga ngati Sosa, amene aliyense wophunzira ku Malawi zaka zapitazo amawakumbukira koma ochepa ali nawo, timapepala ta Sande sukulu, masamba a ana a m'magazini a mipingo, timabuku ta nyimbo ta pamakina opukusa ndi manja. Zotere anthu sankaziona ngati mabuku oyenera kupereka ku boma, ndipo ambiri ozisindikiza sankadziwa n'komwe za lamulo lija.

Ndiyeno mbiri ya zowerenga za ana siyambira pa pepala. Isanafike inki panali "Padangokhala" ndi "Tili tonse", panali "Chilape" ndi "Nachize". Nthano ikalowa m'buku imataya zinthu. Nyimbo ya pakati, imene ana ankavomera, nthawi zambiri imafupikitsidwa kapena kuchotsedwa, mbali zimene amishoni ankaziona ngati zolaula zimasowa, ndipo kumapeto kumawonjezedwa phunziro limene agogo sankalinena chifukwa ana ankalitola okha. Kuti tidziwe chimene chinasintha, tiyenera kukhala ndi zonse ziwiri, ya m'buku ndi ya pakamwa. Ku Malawi a National Library Service akhala akujambula nthano m'maboma osiyanasiyana. Za kuno zili ndi kakomedwe kakekake, chifukwa muli agogo amene amayamba nthano m'Chichewa, adzukulu n'kuvomera "Dzepfunde" m'Chishona, Kalulu n'kusanduka Tsuro pakati pa nkhani. Musawakonze. Jambulani mmene zililimo pa foni, ndipo poyamba munene tsiku, malo, ndi kumene agogowo anamva nthanoyo. Muwapemphe kaye chilolezo, ndipo muwauze amene adzamvere.

Za kasungidwe ka pepala n'zosavuta, koma anthu amalakwitsa chifukwa cha chikondi. Selotepi ndi mdani: pakapita zaka guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga lofiirira losachoka. Kumata buku ndi pulasitiki wa pamakina otentha n'koipa koposa, chifukwa sikubwezeka. Jumbo yomanga pakamwa imasunga chinyontho m'miyezi ya mvula ndipo buku limachita nkhungu. Tsamba long'ambika lisiyeni choncho, muike buku lonse mu envulopu ya pepala kapena mulikulunge m'pepala loyera, muligoneke m'katoni, katoniyo ikhale pamwamba, kutali ndi khoma lakunja, ndi denga lodontha ndiponso dzuwa. Chiswe, njenjete, mphemvu ndi makoswe zimakonda katoni imene sitsegulidwa, choncho muziisuzumira nyengo ikamasintha. Timawaya tochita dzimbiri tingachotsedwe pang'onopang'ono ngati tayamba kudya pepala. Dzina kapena mawu alionse owonjezera alembedwe ndi pensulo pa envulopu, m'bukumo ayi.

Kujambula ndi foni kumathandiza, bola mujambule zonse. Ambiri amajambula nkhani yokha n'kusiya chikuto chakumbuyo, tsamba la wosindikiza, mndandanda wa mabuku ena ndi zidindo, pamene wofufuza amayambira pomwepo. Mndandanda wa kumbuyo uja nthawi zina ndi umboni wokhawo woti buku lina linakhalako. Zithunzizo zisakhale mu foni imodzi. Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, zinthu zambiri zosowa zinapita usiku umodzi, ndipo ngati moto ungathe kutero ndi nyumba yaikulu, foni yogwera m'chidebe ndiye nanji. Koma kusunga chithunzi ndi kuchimwaza pa WhatsApp kapena Facebook ndi zinthu ziwiri. Ku Zimbabwe ndi ku Malawi komwe, umwini wa buku umakhalapo mpaka zaka 50 wolemba atamwalira, ndipo wojambula zithunzi za m'bukumo ali ndi umwini wakewake. Ojambulawa ndi amene mbiri yawaiwala kwambiri, chifukwa mabuku ambiri akale sankawatchula n'komwe. Mukaona timalemba tiwiri pakona pa chithunzi, tilembeni.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Aliyense amene akulemba kabuku ka ana m'Chichewa kuno, kaya ndi mphunzitsi wa Sande sukulu kaya ndi gulu la amayi, akatenge nambala ya ISBN ku National Archives, alembe chaka, malo, dzina la wolemba ndi la wojambula, ndipo akapereke kope monga lamulo linenera, ngakhale atasindikiza makope 50 okha pa shopu ya m'tauni. Amene muli ndi buku lakale ndipo simukufuna kulipereka, palibe wokukakamizani. Khalani pansi ndi mwini wake akadali moyo, mumufunse kuti, "Agogo, bukuli anakupatsani ndani, munali kalasi yanji, ndipo munkaliwerengera kuti?" Mayankhowo muwalembe papepala, pepalalo mulilowetse mu envulopu imodzi ndi bukulo.