Mpando wa manijala wa mgodi umayambira pansi pa nthaka

Ndatopa nawo mawu awa. Paliponse pamene ndaitanidwa kukayankhula za amayi m'migodi, sipalephera kuimirira bambo wina wa tayi n'kunena kuti, "Ife tsankho tilibe, koma amayi oyenera udindo sapezeka." Wina amawonjezera kuti amayi amaopa mdima. Ndakalambira pa ntchito ya uinjiniya wa migodi, ndipo amayi oopa mdima amene ndakumana nawo sachuluka kuposa abambo oopa mdima. Chimene chimachitika n'chakuti amayi amatsitsidwa pa makwerero adakali m'munsi, kenaka anthu omwe anawatsitsawo n'kumadabwa kuti pamwamba palibe mayi.

Manijala wa mgodi sasankhidwa ngati mkulu wa sitolo. M'maiko ambiri a migodi boma limafuna chiphaso. Ku South Africa, mwachitsanzo, munthu amayamba ndi satifiketi yophulitsira miyala, n'kukhala kapitawo wa shifiti, n'kudzayang'anira chigawo cha mgodi, ndipo pambuyo pake ndiye amalemba mayeso a chiphaso cha umanijala. Pa sitepe iliyonse amawerenga nthawi imene wagwiradi ntchito pansi. Digiri yokha, kaya unakhoza bwanji, sikupatsa mgodi.

Tsono kumbukirani kuti pansipo amayi ankaletsedwa ndi lamulo. Britain inawatulutsa m'migodi mu 1842. Mu 1935 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano nambala 45 loletsa amayi kugwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo maiko ambiri anasaina. South Africa inachotsa chiletsocho mu 1996, India mu 2019. Mwatseka khomo zaka zoposa 100, mwatsegula dzulo, lero mukufunsa kuti agogo a m'nyumbamo ali kuti?

Koma lamulo lakale silindipweteka mtima ngati zimene ndinaona ndi maso. Panali mtsikana wina pa mgodi wina umene ndinagwirako, injiniya wakuthwa mutu kuposa anyamata onse amene analowa naye chaka chimodzi. Ankatsika ndi chikepe choyamba, satifiketi yophulitsira anali nayo kale, ndipo akapitawo akale, aja osayamika, ankamumvera. Atakhala woyembekezera anamuchotsa pansi. Apo panalibe cholakwika, chifukwa fumbi, kutentha ndi utsi wa zophulitsira si zoseweretsa kwa mayi wapakati. Anamuika ku ofesi yokonza mapulani, akuti kwa kanthawi. Atabwera ku tchuthi cha uchembere, bwana anamuuza mwachikondi ndithu kuti, "Bakhalani konkuno, mwana adakali wamng'ono." Iye anathokoza. Inenso, ndivomere, ndinaona ngati amuchitira chifundo ndipo sindinatsegule pakamwa.

Patapita zaka zingapo mpando wa woyang'anira chigawo unatseguka. Anafunsira. Anamuyankha kuti mashifiti ake apansi ndi osakwana, ndipo zinali zoona. Mpandowo anautenga mnyamata amene iye anamuphunzitsa kuwerenga mapu a mgodi. Palibe anamunyoza, palibe anaphwanya lamulo. Chifundo chokhachokha chinamudya. Lero akugwira ntchito ina kunja kwa migodi, ndipo ndikakumbukira ndimadzifunsabe chifukwa chake sindinamukokere pambali tsiku lomwe lija n'kumuuza kuti apemphe tsiku lobwerera pansi, lolembedwa pa pepala.

N'chifukwa chake ndikamva kampani ikudzitama kuti amayi achuluka, ndimafunsa kuti achuluka kuti. Ku ofesi yolemba antchito, ku zofalitsa nkhani, ku zamalamulo? Ntchito zabwino zimenezo, koma si kawirikawiri kuti mkulu wa mgodi achokere kumeneko. Amachokera kumene kumatuluka matani a miyala, kumene munthu amayankha mlandu wa bajeti ndi wa miyoyo ya anthu. Taonani omwe anafika. Cynthia Carroll, amene anakhala mayi woyamba kutsogolera kampani yaikulu ya migodi ya Anglo American mu 2007, anaphunzira za miyala, ndipo chaka chomwecho anaimitsa ntchito pa mgodi wa platinamu ku Rustenburg chifukwa cha imfa za antchito. Mpumi Zikalala anayamba ngati injiniya ku kampani ya diamondi ya De Beers, nayendetsa mgodi wa ku Kimberley, asanakhale mkulu wa kampani ya Kumba Iron Ore mu 2022. Natascha Viljoen, injiniya woyenga zitsulo, anakhala mkulu wa kampani ya Anglo American Platinum mu 2020. Onsewa anadutsa m'fumbi.

Sindikunena kuti pansi ndi pabwino. Kwa zaka zambiri ovololo, majombo ndi malamba odzitetezera pokwera ankasokedwa poyeza thupi la mwamuna. Ovololo ya chigoba chimodzi imatanthauza kuti mayi avule pafupifupi zonse kuti adzithandize, m'chimbudzi chopanda loko, kutali ndi anzake. Amayi ambiri amangosiya kumwa madzi, m'malo otentha chotero, n'kumadwala. Ndipo pali choopsa chimene amuna sachiganizira akamatsika. Mu 2022 kampani ya migodi ya Rio Tinto inatulutsa lipoti lolembedwa ndi wofufuza wochokera kunja kwa kampaniyo, Elizabeth Broderick, momwe amayi 21 ananena kuti m'zaka 5 lipotilo lisanatuluke anagwiriridwa, anatsala pang'ono kugwiriridwa kapena anachitidwa nkhanza zogonana. Iyo ndi kampani imene inalimba mtima kudzifufuza n'kuulula. Mayi akachoka pansi pa zifukwa zotere, musandiuze kuti analibe mtima wa utsogoleri.

Tsopano ndiyankhule ndi inu achemwali amene mwangolowa kumene, chifukwa akamberembere akudikirani pakhomo. Adzakuitanani ku maphunziro a masiku awiri ku hotela, a "utsogoleri wa amayi", mulipire ndalama zankhaninkhani, akuphunzitseni kuima mowongoka ndi kuyankhula molimba mtima, akupatseni satifiketi ya mkombero wagolide. Ena amagulitsa ngakhale mphoto: mulipire tebulo, mulandire chikho. Woyang'anira migodi wa boma sadzayang'ana n'komwe pepala limenelo. Musanapereke kobiri, funsani ngati satifiketiyo imadziwika ndi bungwe lopereka ziphaso za migodi kapena la mainjiniya m'dziko lanu. Akayamba kuzungulira, tsekani chikwama. Chenjeraninso ndi bwana amene akulonjeza kukukwezani koma akufuna muzikumana awiri usiku. Ameneyo si mlangizi, ndipo mauthenga ake muzisunga.

Ndipo musachedwe. Satifiketi yophulitsira tengani m'zaka zoyamba, mawondo adakali olimba, musananyengereredwe ndi mpando wa ofesi yozizira. Sungani buku lanulanu la mashifiti, kapitawo azisaina mwezi uliwonse, chifukwa mafailo a kampani amasowa nthawi imene mukuwafuna. Akakusunthani chifukwa cha pakati, lembani kalata sabata yomweyo yofunsa tsiku lobwerera ndi chigawo chimene mudzabwerereko, ndipo kope ina musunge kunyumba. Akakuuzani kuti "bakhalani konkuno", thokozani mwaulemu, kenaka funsani kuti mpaka liti.