Nkhondo ikalanda zonse, munthu amagwira chiyani?

Ku Senga Bay kuli gogo wina wogulitsa usipa amene anabwera kwa ine, mlangizi wa za maganizo, chifukwa chosowa tulo. Anabadwira ku Angonia, ku Mozambique, ndipo anawoloka malire ku Dedza mu 1987, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika m'mudzi mwawo. Nkhondoyo inatha mu 1992, dziko lathu litalandira anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni.

Ndinawafunsa kuti, "Agogo, chinakulimbitsani mtima n'chiyani?" Sanatchule ufa kapena mabulangete a mabungwe. Anati masabata oyamba ankangokhala pansi, chakudya chosalowa, kumsasa akuwaitana ndi nambala ya pa khadi lolandirira ufa. Tsiku lina pa mjigo mayi wina wa m'mudzi wapafupi anawafunsa mfunda wawo. Atayankha kuti ndi Nambewe, mayi uja anatula ndowa n'kunena kuti, "Ndiye ndinu achemwali anga." Madzulo ake anadya nsima.

Ife alangizi a za maganizo nkhani yotere sitiitenga ngati nthano yokoma chabe. Nkhondo imavulaza thupi, komanso imadula ulusi wolumikiza munthu wa dzulo ndi wa lero. Mlimi alibenso munda, mphunzitsi alibe kalasi, manda a makolo atsala kutsidya. Thupi limakhala tcheru usana ndi usiku, mtima kugunda, chitseko chikangomenyeka munthu kudzidzimuka. Amene akudziwabe kuti ndi mwana wa ndani, amapemphera kuti, manja ake amadziwa ntchito yanji, amakhala ndi poponda. Amadziwa kumene angakapemphe mchere, komanso chifukwa chodzukira mawa.

Viktor Frankl, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna amene anatsekeredwa ku Auschwitz ndi m'ndende zina za Anazi, chipani cha Hitler ku Germany, analemba mu 1946 kuti akaidi omwe anali ndi munthu kapena ntchito yowadikira kunja ankapirira kuposa anzawo. Sindikunena kuti amene anafa anali ofooka mtima, ayi. Njala ndi chipolopolo sizifunsa mfunda. Koma kwa otsala moyo, kudzidziwa n'kumene kumawathandiza kudzitolera.

Pali msampha wake. Ku Rwanda mu 1994 chiphaso cholembedwa mtundu wa munthu chinasanduka chikalata cha imfa. Munthu akapanikizidwa kuti akhale chinthu chimodzi chokha, Mhutu basi kapena Mtutsi basi, kudzidziwa kumasanduka nkhuni zosonkhezera moto. Chimene chimateteza ndi kukhala ndi zingwe zingapo. Gogo uja ndi Nambewe, ndi wa Chigwirizano, ndi katswiri wowamba nsomba, ndi agogo a zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Chingwe chimodzi chikaduka, zinazo zimagwira.

Tisaganize kuti nkhondo ili kutali ndi Salima. Kuno kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO, ndipo ana athu akhala akupita ku DRC kukasungitsa mtendere. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni, ndipo mu Januwale 2025 enanso 3 anafa polimbana ndi zigawenga za M23. Anzawo anabwerako ndi zimene anaona. Ku Dowa, boma loyandikana nalo, msasa wa Dzaleka wakhala ukusunga othawa nkhondo kuyambira 1994.

Ndiye wachibale akabwera kunkhondo ali duu, musamusandutse "wodwala uja" kapena "ngwazi yathu". Maina onsewo ndi opanikiza. Musamuumirizenso kufotokoza zimene anaona. Muitaneni monga kale: amalume, bambo a Chisomo. Akhale nawo pa zokambirana za ukwati wa mphwake, asoke ukonde, abwerere ku kwaya kapena kumzikiti. Ambiri amalakwitsa pomulanda ntchito zonse poti "apume", osadziwa kuti akumulandanso dzina.

Koma mfunda si mankhwala a zonse. Ngati maloto oopsa, ukali wosadziwika mutu, kuledzera kapena kudzipatula zapitirira mwezi, kapena munthu wayamba kulankhula zodzipha, pitani naye kuchipatala cha boma mukafunse namwino wa matenda a maganizo. Gogo uja nayenso anafunika thandizo lotere, patapita zaka zoposa 30. Pa ulendo wachitatu anandibweretsera usipa wokulunga m'nyuzipepala, n'kundifunsa mfunda wanga.