Purosesa ikatentha pomwe muli ndi choziziritsira chamadzi

Munthu akandibweretsera kompyuta n'kudandaula kuti purosesa ikutentha chonsecho anagula choziziritsira chamadzi chodula, sindithamangira kumasula masikuluwu. Ndimayamba ndayiyatsa, n'kutsegula pulogalamu yoonetsa kutentha ya HWiNFO, kenako maso pa wotchi. Nambala ya madigiri payokha sindiuza zambiri. Chimene chimaulula pomwe pali vuto ndi liwiro limene kutenthako kukukwerera.

Koma tiyambe tagwirizana kuti kutentha koipa ndi kuti. Mapurosesa a AMD a Ryzen 7000 anapangidwa kuti akalemedwa ntchito azifika madigiri 95 n'kukhazikika pomwepo, ndipo si matenda ayi. Ambiri a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 malire awo ndi madigiri 100, ndipo Core i9-13900K imadya magetsi okwana mawati 253 ikamagwira ntchito ndi mphamvu zonse. Ndiye mukaona 90 pomwe mukuyesa ndi Cinebench, pulogalamu yolemetsa purosesa dala, mtima m'malo. Chodetsa nkhawa n'kuona 70 kapena 80 kompyuta itangokhala, kapena kuzima yokha pakati pa ntchito.

Zoziziritsira zimene ambiri amagula ndi zija zobwera zomatamata kale, zotchedwa AIO. Pali kachitsulo ka kopa kokhudza purosesa, pampu yaing'ono pamwamba pake, mapaipi awiri, radiyeta ndi mafani. Madzi amanyamula kutentha kuchoka pa kopa kupita ku radiyeta, mafani n'kukuuluzira kunja. Madzi satentha msanga, aliyense amene anadikirapo ketulo akudziwa. Choncho ngati zonse zili bwino, nambala imalumpha pang'ono ntchito ikangoyamba, kenako n'kumakwera mwakachetechete kwa mphindi 10 kapena 15 mpaka kuima.

Ikalumpha kufika 95 kapena 100 m'masekondi ochepa n'kukakamira pomwepo ngakhale pa ntchito yopepuka, kutenthako sikukufika n'komwe ku radiyeta. Gwirani radiyetayo. Mukaipeza yozizira pomwe purosesa ikuwira, olakwa ndi awiri: pampu kapena kukhudzana kwa kopa ndi purosesa.

Pampu ndiyo yosavuta kufufuza. Lowani mu BIOS, tsamba la makonzedwe limene mumalowamo kompyuta ikungoyaka, muone liwiro lake. Zambiri zimazungulira pakati pa 2,000 ndi 3,000 pa mphindi, zina kuposerapo. Mukaona 0, yang'anani mawaya musanaweruze kuti yafa. Mapampu ena amatenga magetsi pa waya wa SATA wochokera ku bokosi la magetsi la kompyuta, ndipo waya umenewu anthu amauiwala kawirikawiri akamakonzakonza m'kati. Ena amalumikiza pampu pa malo a fani wamba, bodi yaikulu ya kompyuta n'kumaichepetsera magetsi ngati fani. Ikani pa malo olembedwa AIO_PUMP ngati bodi yanu ili napo, kapena uzani BIOS kuti pamalopo pazituluka mphamvu zonse nthawi zonse. Mukagwira paipi pafupi ndi pampu yamoyo mumamva kunjenjemera pang'ono.

Pampu ikapezeka kuti ili bwino, masulani muone pansi pake. Pano ndinakumanapo ndi zoseketsa. Mnyamata wina anamanga yekha kompyuta yokongola, magetsi amitundumitundu ali ng'aning'ani, koma kapulasitiki koteteza kopa sanakachotse. Anapakadi thermal paste, kaphala kodutsitsa kutentha pakati pa purosesa ndi kopa, bwinobwino, pamwamba pa pulasitikiyo! Musamuseke kwambiri, zimagwera ndi akatswiri omwe. Mukamasula, thermal paste yakaleyo imakuuzani nkhani: ikakhala yopyapyala ponseponse ndiye kuti zinagwirana bwino, ikaunjikana mbali imodzi ndiye kuti masikuluwu anamangidwa mopendekera. Pukutani ndi isopropyl alcohol, ikani yatsopano yochuluka ngati njere ya nandolo, n'kumanga masikuluwu modumphitsa, iyi kenako yoyang'anizana nayo, pang'onopang'ono. Onetsetsaninso kuti zomangira n'za soketi yanu, malo amene purosesa imakhala pa bodi. Za soketi ya Intel ya LGA1200 mukaziika pa ya LGA1700, pa bodi zina zimaoneka ngati zakwana koma sizipanikiza mokwanira.

Tsono ngati kutentha kukukwera pang'onopang'ono osaima, ndipo radiyeta ikutentha mukaigwira, pampu isiyeni. Madzi akuyenda, koma radiyeta ikulephera kupuma. Nthawi zambiri ndi fumbi, limene limaunjikana pakati pa mafani ndi radiyeta, pomwe diso silifika mpaka mutachotsa mafaniwo. Uzirani ndi buluwa mutagwira mapiko a fani kuti asazungulire. Chotsaninso chitseko cha kesi muyese. Madigiri akatsika kwambiri, kesiyo ndiyo ikutsekereza mpweya, makamaka zija za galasi kutsogolo. Ndipo madzi sangazizire kuposa mpweya wa m'chipinda. Kompyuta imene inkaonetsa 75 mu Juni isakudabwitseni ikaonetsa 85 mu Okutobala.

Pali vuto lina lomwe limamveka ndi khutu. M'choziziritsira chilichonse mumatsala mpweya pang'ono, ndipo mpweya umathawira pamalo okwera kwambiri. Ngati pampu ndiyo ili pamwamba pa zonse, monga zimakhalira radiyeta ikaikidwa pansi pa kesi, mpweyawo umakakhala mu pampu. Mumamva ngati madzi akuchucha kapena kulira kokhetcheka, ndipo madigiri amavinavina. Radiyeta ikhale padenga la kesi, kapena kutsogolo nsonga yake itaposa pampu, makamaka mapaipi atayang'ana pansi. Nthawi zina kungopendeketsa kesi uku ndi uku pampu ikuzungulira kumathamangitsa mpweyawo.

Chomaliza ndi ukalamba. Madzi amachepa pang'onopang'ono podutsa m'khungu la mapaipi ngakhale palibe podontha, ndipo tinjira tating'ono ta m'kati mwa kopa timatsekeka ndi zinyalala. Chizindikiro chake n'chakuti pampu ikuzungulira, thermal paste ndi yatsopano, fumbi palibe, koma paipi imodzi ikutentha kwambiri pomwe inayo ili yozizira. Choziziritsira chimene chadutsa zaka 5 kapena 6 chikafika pamenepa, ine sindilimbana nacho. Funsani ogulitsa ngati walanti ikadalipo. Ngati inatha, gulani china. Kwa amene purosesa yake ndi Ryzen 5 kapena Core i5, ndimamuuza kuti atenge choziziritsira champhepo chachikulu, chopanda pampu yoti idzafe, ndalama yotsalayo awonjezere fani yotulutsa mpweya kumbuyo kwa kesi.