Madzi a mandimu sateteza mafuta a pamilomo kuti asaonongeke

Nyengo yozizira ikafika ku Mzuzu milomo imang'aluka, ndipo amayi ena ku Chibavi ndi Zolozolo amasungunula phula la njuchi ndi mafuta a mpendadzuwa kupanga mafuta a pamilomo ogulitsa. Pa WhatsApp pakuyenda nkhani yoti ukathiramo madzi a mandimu, mafutawo saonongeka. Ili ndi bodza, ndipo lingavulaze ogula.

Tizilombo ndi nkhungu zimafuna madzi kuti ziswane. Phula ndi mafuta paokha zilibe madzi. Ukathiramo mandimu, ndiye kuti walowetsamo madzi amene sasakanikirana ndi mafuta. Amakhala timadontho pansi pa kabotolo, ndipo m'menemo ndi momwe nkhungu yakuda imayambira. Komanso mandimu amawawa pa mlomo wong'aluka.

Ena amadalira vitamini E. Iyeyu amangochedwetsa mafuta kuti asayambe msanga fungo loipa, sapha tizilombo.

Amayi, chonde musathiremo chamadzimadzi chilichonse. Kuno chinyezi n'chambiri, choncho umitsani timabotolo bwinobwino musanathiremo, mutseke zolimba, ndipo muzipanga ochepa oti athe msanga. Fungo likasintha, tayani.